FOB, CIF, demurrage: mawu a pa doko omwe amafika mpaka m'thumba la munthu wa ku Zomba

Aliyense amene anaitanitsapo galimoto ku Japan kapena katundu wa musitolo ku China akudziwa kuti mutu umayamba kuwawa ndalama zisanatuluke n'komwe. Pa intaneti galimoto imodzi yomweyo yalembedwa mitengo iwiri, wina FOB, wina CIF Dar es Salaam. Mukalipira amakutumizirani chipepala chotchedwa bill of lading. Pakatha milungu ingapo ejenti wokutulutsirani katundu pa doko akuimba foni, akuti sitima yafika koma sinapeze berth, ndipo mukazengereza kutumiza ndalama mulipira demurrage. Mafuta kapena feteleza akasowa, pa wailesi timamvanso zomwezo, zoti sitima ikudikira pa nangula ku Beira.

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, koma mafuta a m'galimoto, feteleza, tirigu wophikira buledi ndi kaunjika wa mumsika wa Zomba, zambiri mwa izi zimakhala zitakwera sitima kaye zisanakwere lole. Mawu a anthu a pa doko amamveka ngati ongodzikometsera, chonsecho ambiri a iwo akuyankha funso limodzi: katunduyu ali m'manja mwa yani panopa, ndipo akachedwa kapena kuwonongeka alipire ndani?

Chombo ndi mbali zake

Tiyambire pa zilembo zomwe tinazizolowera. MV ya pa dzina la MV Ilala ikuimira motor vessel, kutanthauza chombo choyendera injini ya mafuta. SS ndi chombo choyendera nthunzi, monga mmene inalili Chauncy Maples pamene inkayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1901, isanaikidwe injini ya dizilo. Ilala yomwe tikuidziwa lero inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, n'kulumikizidwa kunyanja konkuno, ndipo inayamba ntchito mu 1951.

Amalinyero satchula kumanja ndi kumanzere, chifukwa kumanja kwa munthu woyang'ana kutsogolo ndi kumanzere kwa mnzake woyang'ana kumbuyo, ndipo pa ngozi palibe nthawi yofunsana. Choncho mbali iliyonse ili ndi dzina losasintha. Kumphuno kwa chombo ndi bow, kumbuyo ndi stern. Mukaima n'kuyang'ana kumphuno, mbali ya kumanzere ndi port, ya kumanja ndi starboard. Usiku ku port kumayaka nyali yofiira, ku starboard yobiriwira. Woyendetsa akaona nyali zonse ziwiri za chombo china nthawi imodzi, amadziwa kuti chikubwera molunjika kwa iye. Chipinda chapamwamba chomwe kaputeni ndi omuthandiza amayendetserako chombo chimatchedwa bridge.

Liwiro la panyanja saliyeza m'makilomita. Mtunda amauyeza mu nautical mile, womwe ndi mamita 1,852, ndipo kuyenda mtunda umenewu pa ola limodzi ndiye knot imodzi. Zombo zambiri zonyamula katundu zimayenda ma knot apakati pa 12 ndi 20, kutanthauza kuti yothamanga kwambiri mwa izo siposa makilomita 37 pa ola. Kabaza wa njinga yamoto angaipitirire. Mphamvu ya sitima ili poti siima usiku ndi usana, komanso imasenza katundu amene angadzaze malole mazanamazana. N'chifukwa chake galimoto yochokera ku Yokohama imatenga mwezi kapena kuposerapo kuti ifike ku Dar es Salaam. Tsiku limene amakulemberani kuti ETA ndi longoyerekeza kuti mwina ifika pamenepo. Si lonjezo, ndipo palibe amene angakulipireni likadutsa.

Kuya kwa madzi ndiko kumalamula

Pali mawu awiri amene munthu wa ku Zomba safunika kuwaphunzira m'buku, chifukwa amawaona ndi maso pa doko la Kachulu, pa nyanja ya Chilwa. Boti lopita ku Chisi likamapakiridwa, matumba a ufa, njinga, makreti a zakumwa, kenako anthu, limanka lilowa m'madzi pang'onopang'ono. Mbali yomwe yamira, kuchokera pamwamba pa madzi kufika pansi penipeni pa boti, ndiyo draft. Mbali yotsala pamwamba, kuchokera pa madzi kufika pa mlomo wa boti, ndiyo freeboard. Katundu akachuluka draft imakula, freeboard n'kuchepa. Ikatsala yongokwana chikhatho, kafunde kakang'ono kalikonse kamalowa, ndipo mnyamata wokapa madzi ndi chigubu chodula sapumanso. Koma draft ikakula palinso vuto lina: Chilwa ndi nyanja yosaya, choncho boti lolemera limakhudza matope pomwe bwato lopepuka likudutsa bwinobwino. Zaka zomwe nyanjayi inaphwa, monga 1968, 1995 ndi 2018, maboti anatsala pamtunda osati chifukwa chowonongeka, koma madzi oti n'kuwanyamula anasowa.

Zombo za panyanja yamchere zili pa lamulo lomwelo, kungoti draft ya zikuluzikulu ndi mamita khumi kapena kuposa. Pofuna kuletsa eni zombo kupakira mopyola muyezo, pa nthiti ya sitima iliyonse yamalonda pamajambulidwa chizindikiro: mzere wozungulira wodulidwa pakati ndi mzere wopingasa, pambali pake timizere tina tokhala ngati makwerero. Chimatchedwa Plimsoll line, potengera Samuel Plimsoll, phungu wa nyumba ya malamulo ya ku Britain amene analimbana ndi eni zombo omwe ankatumiza amalinyero panyanja m'zombo zakutha, zodzaza mpaka pakamwa, atazilembetsa inshuwalansi yokwera. Lamulo lake linadutsa mu 1876. Mzere woyenerawo ukamira, sitima siloledwa kunyamuka.

Timizere tamakwerero tija tili ndi zilembo: S ya nyengo yotentha, W ya nyengo yozizira pomwe nyanja imalusa, T ya madera otentha ngati kwathu kuno, F ya madzi opanda mchere. Wa F ndi wochititsa chidwi. Madzi amchere ndi olemerako, pafupifupi makilogalamu 1,025 pa kiyubiki mita imodzi pomwe a mumtsinje ndi 1,000, choncho amanyamula chombo mokwezeka pang'ono. Sitima yomweyo, ndi katundu yemweyo, ikachoka m'nyanja n'kulowa pakamwa pa mtsinje imamira pang'ono.

Apa m'pamene pagona kusiyana kwa madoko amene Malawi amadalira. Doko la Beira lili pakamwa pa mtsinje wa Pungwe, pomwe mchenga ndi matope zimaunjikana chaka ndi chaka. Njira yolowera imafunika kukumbidwa pafupipafupi ndi zombo zokokolola matope, ntchito yomwe amaitcha dredging, ndipo sitima zikuluzikulu zimadikira kuti nyanja idzaze kaye. Paja nyanja yamchere imadzaza n'kuphwa pafupifupi kawiri pa tsiku chifukwa cha mphamvu ya mwezi, ndipo ku Beira kusiyana kwake kumafika mamita angapo. Doko la Nacala ndi lakuya mwachilengedwe, lotha kulandira zombo zolemera popanda kudikira madzi. Njanji yochokera kumeneko imalowa m'dziko muno pa Nayuchi n'kudutsa pa Liwonde, chapafupi pomwepa. Ngakhale mkangano wa doko la Nsanje, lomwe linatsegulidwa mu 2010 koma silinayambe kulandira zombo monga ankayembekezera, mbali ina umakhudza funso lomweli, loti Shire ndi Zambezi anganyamule draft yotani chaka chonse, kuphatikiza pa nkhani ya chilolezo cha dziko la Mozambique.

Mmene katundu amakwerera

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera pa zombo za RoRo (roll-on/roll-off). Chombo chotere chimaoneka ngati nyumba yosanja yoyandama, chili ndi chitseko chachikulu chotsika ngati mlatho, ndipo madalaivala a pa doko amayendetsa galimoto kulowa nazo mkati, n'kudzazitulutsanso choyendetsa. Galimoto ya pa RoRo imayenda yosakhoma, makiyi ali momwemo, choncho amene amaganiza zobisamo matayala kapena wailesi yapadera asadabwe zikasowa. Makampani ambiri saloleza n'komwe kuikamo katundu.

Katundu wa m'masitolo amabwera m'makontena. Anayambitsa njirayi ndi Malcom McLean wa ku America, amene mu 1956 anakweza makontena 58 pa chombo chotchedwa Ideal X kuchokera ku Newark kupita ku Houston. Kale katundu ankakwezedwa thumba limodzilimodzi pamapewa, sitima n'kutha sabata kapena kuposa ili pa doko. Lero kontena yomwe yatsekedwa ku Guangzhou ikhoza kudzatsegulidwa ku Limbe itakwera sitima, kenako lole kapena sitima yapamtunda, popanda wokhudza zamkati. Makontena ofala ndi a mafiti 20, pafupifupi mamita 6, ndi a mafiti 40. Kukula kwa sitima amakuwerenga mu TEU, ndipo TEU imodzi ndi kontena imodzi ya mafiti 20. Wamalonda amene wadzaza kontena yekha amati watumiza FCL. Amene katundu wake ndi wochepa amaphatikizana ndi anzake m'kontena imodzi, yomwe ndi LCL, ndipo amalipira potengera malo omwe katundu wake watenga. Vuto la kuphatikizana n'loti mapepala a mmodzi akalakwika, kontena yonse ikhoza kuima.

Feteleza ndi tirigu nthawi zambiri amangothiridwa m'mimba mwa sitima popanda matumba, ndipo zombo zake ndi ma bulk carrier. Mafuta amabwera pa ma tanker. Mukamatsatira kontena yanu pa foni n'kuona kuti yatsitsidwa ku Singapore, Colombo kapena Salalah, musathamange magazi. Imeneyo ndi transshipment: sitima yaikulu yaisiya pa doko lapakati kuti ikwere ina yocheperako yomwe imafika kumadoko a kuno. Masiku ambiri amatayikira pamenepo.

FOB ndi CIF

Zilembo izi n'zochokera m'malamulo a malonda otchedwa Incoterms, omwe bungwe la International Chamber of Commerce linayamba kutulutsa mu 1936 ndipo linawakonzanso komaliza mu 2020. Ntchito yake ndi kugawa zinthu ziwiri pakati pa wogulitsa ndi wogula: ndalama zolipira, ndi chiopsezo, kutanthauza amene aluze katundu akawonongeka.

Pa FOB (Free On Board) wogulitsa amafikitsa katundu pa doko la kwawo n'kumukweza m'sitima, basi. Mtengo wonyamulira, womwe amautcha freight, inshuwalansi ndi zonse zotsatira n'zanu. Ndiye chifukwa chake mtengo wa FOB umaoneka wokoma. Pa galimoto zing'onozing'ono zakalekale, si zachilendo kupeza kuti freight yafanana ndi mtengo wa galimotoyo kapena kuuposa.

Pa CIF (Cost, Insurance and Freight) wogulitsa amalipiriratu freight ndi inshuwalansi mpaka doko lotchulidwalo. Akachotsapo inshuwalansi imakhala CFR, ena amalemba C&F. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Amaganiza kuti popeza wogulitsa walipira mpaka ku Dar es Salaam, ndiye kuti katunduyo ali pamutu pake mpaka kumeneko. Ayi. Pa CIF, monganso pa FOB, chiopsezo chimasamukira kwa wogula katundu akangokwera m'sitima ku doko lonyamukira. Sitima ikapsa pakati pa nyanja ya India, wogulitsa wakwaniritsa mbali yake, ndipo wothamangira ku kampani ya inshuwalansi ndi inu. Komanso inshuwalansi yomwe lamulo la CIF limakakamiza wogulitsa kugula ndi yotsikitsitsa, ya ngozi zikuluzikulu monga moto, kumira ndi kugundana kwa zombo. Kubedwa kwa batire kapena kukalika kwa penti sikulimo pokhapokha mutapempha yokulirapo.

Chinanso n'choti CIF Dar es Salaam imathera ku Dar es Salaam. Zolipira pa doko, malipiro a ejenti, mafuta ndi dalaivala wa ulendo wa makilomita oposa 900 kukafika pa chipata cha Songwe, kenako mtunda wonse wa Karonga mpaka Zomba, zonsezo n'zapadera. Msonkho wa MRA nawo sawerengera pa mtengo wa FOB wokha, freight ndi inshuwalansi zimalowa m'chiwerengerocho. Choncho freight ikakwera padziko lonse, wogula amamenyedwa kawiri. Kuona kwanga, munthu woyamba kumene kuitanitsa katundu amachita bwino kufunsa ejenti mtengo wonse wofikira pakhomo asanakopeke ndi nambala ya pa intaneti.

Chipepala chomwe ndi katundu weniweniyo

Bill of lading, yomwe ambiri amangoti BL, imatuluka ku kampani ya sitima katundu akakwera. Imagwira ntchito zitatu pakamodzi. Ndi risiti yotsimikiza kuti katundu walandiridwa, ndi umboni wa mgwirizano wonyamula, komanso ndi chikalata cha umwini, moti amene wagwira BL yeniyeni yolembedwa moyenera ndiye angatulutse katundu pa doko. Nthawi zambiri zenizeni zimasindikizidwa zitatu, ndipo imodzi ikagwiritsidwa ntchito zinazo zimatha mphamvu. Chifukwa cha ichi wogulitsa sakutumizirani BL musanamalize kulipira. Masiku ano ambiri amachita telex release: wogulitsa amabweza mapepala enieni ku ofesi ya kampani ya sitima kwawoko, ofesiyo n'kudziwitsa anzawo a ku doko lofikira kuti katundu aperekedwe popanda pepala.

Ikafika, muiwerenge mzere ndi mzere. Pamwamba kumanzere pali kabokosi ka shipper, yemwe ndi wotumiza. M'munsi mwake consignee, wolandira, ndipo dzina lake lifanane ndi la pa chiphaso, chilembo ndi chilembo. Kenako notify party, woti adziwitsidwe sitima ikafika, amene kawirikawiri amakhala ejenti. Pakati pali dzina la sitima, doko lokwezera, doko lotsitsira, ndi kufotokoza kwa katundu. Ngati ndi galimoto, onani nambala ya chasisi. Onaninso ngati palembedwa kuti katunduyo ali in transit kupita ku Malawi, chifukwa mawu amenewa ndi omwe amasonyeza a msonkho a ku Tanzania kapena Mozambique kuti akungodutsa, si wogulitsidwa m'dziko lawo. Kukonza cholakwika sitima itafika kale kumadya masiku ndi madola. Pa kontena mupezanso mawu oti said to contain, omwe ndi njira ya kampani ya sitima yonenera kuti sinaone zamkati, yangolemba zomwe wotumiza wanena.

Wotchi ya pa doko

Sitima ikafika silowa yokha ngati basi pa depoti. Imaponya nangula kunja, pamalo odikirira otchedwa anchorage, mpaka patapezeka berth, malo okocheza m'mbali mwa khoma la doko pomwe pali makina otsitsira katundu. Nthawi yake ikakwana, kaboti kamabweretsa pilot, katswiri wa doko limenelo wodziwa pomwe pali mchenga ndi mmene madzi amakokera. Amakwera pa makwerero a chingwe sitima ikuyenda, n'kukaima pa bridge kulangiza kaputeni. Timaboti tamphamvu totchedwa ma tug timakankha ndi kukoka chimphonacho mpaka chitagona bwino pa khoma. Choncho ejenti akati sitima yafika, funsani ngati yakocheza kapena ikadali pa nangula. Pa doko lodzaza, pakati pa ziwirizi pakhoza kudutsa masiku ambiri.

Katundu akatsika, wotchi imayamba. Kontena si yanu, ndi ya kampani ya sitima, ndipo imakupatsani masiku owerengeka aulere. Akatha kontena ikadali pa doko, mumalipira demurrage tsiku lililonse, ndipo mtengo wa pa tsiku umakwera masiku akamachuluka. Mukaitulutsa koma n'kuchedwa kubweza yopanda kanthu, mumalipira detention. Eni doko nawo amalipiritsa storage, ya malo omwe katundu wakhalapo. Zitatuzi zikhoza kuyenda limodzi, ndipo zimawerengedwa m'madola. Kwa Mmalawi izi zimaluma kwambiri chifukwa kontena iyenera kuyenda ulendo wautali kubwera kuno n'kubwereranso kunyanja, ndipo nthawi zina ndalama ya kwacha ilipo koma madola ku banki akuchedwa.

Pa sitima yobwerekedwa yathunthu, monga ya mafuta kapena feteleza, mgwirizano umatchula nthawi yololedwa kutsitsa katundu, yomwe ndi laytime. Ikapyola, wobwereka amalipira mwini sitima demurrage ya tsiku ndi tsiku, yomwe pa zombo zikuluzikulu imakhala madola masauzande ambiri. Ndalama imeneyo simathera ku Beira. Imalowa mu mtengo wa lita kapena wa thumba.

Ngozi ikagwa

Pa wailesi ya panyanja, tchanelo 16 ya VHF ndi yoitanira thandizo. Mawu oti Mayday, onenedwa katatu, amatanthauza kuti moyo uli pachiswe. Pan-pan ndi vuto lalikulu koma losafika poti anthu afa, monga injini kuzima. Malamulo a chitetezo, a maboti opulumukira ndi majekete oyandamitsa, ali mu pangano la SOLAS, lomwe linayamba kulembedwa mu 1914 pambuyo pa kumira kwa Titanic mu 1912, ndipo lero limayang'aniridwa ndi bungwe la IMO, loona za maulendo a panyanja padziko lonse, lomwe likulu lake lili ku London.

Koma lamulo lomwe limadabwitsa eni katundu ndi la general average. Ndi lakalekale, ndipo masiku ano limayendera malamulo otchedwa York-Antwerp. Limati ngati kaputeni wataya dala katundu wina m'nyanja, kapena wawononga ndalama zapadera, pofuna kupulumutsa chombo ndi zonse zili momwemo, onse amene apulumuka agawane chitayikocho, aliyense molingana ndi mtengo wa katundu wake. Kontena yanu ikhoza kufika yosakalika n'komwe, inu n'kulandirabe bilu.

Zinachitika mu Marichi 2021, pamene Ever Given, sitima yotalika mamita 400 yotha kunyamula ma TEU pafupifupi 20,000, inapingasa mu ngalande ya Suez n'kutseka njira kwa masiku asanu ndi limodzi. Sitimayo mwini wake anali kampani ya ku Japan, oibwereka anali Evergreen a ku Taiwan, amalinyero anali a ku India, koma mbendera inali ya Panama. Kulembetsa chombo m'dziko lina chonchi, komwe misonkho ndi malamulo n'zofewerapo, amakutcha flag of convenience, ndipo Panama, Liberia ndi Marshall Islands ndi omwe ali ndi zombo zambiri zotere. Ever Given itachotsedwa pamchenga pomwe inatitimira, eni ake analengeza general average. Amene katundu wawo anali ndi inshuwalansi, makampani awo anapereka chikalata cha chikole ndipo katundu anatuluka. Amene anatumiza popanda inshuwalansi anayenera kuyamba aika ndalama zawo ngati chikole asanaloledwe kutenga makontena awo.